Miyala Itatu pa Mphambano ya ku Kachule

Mudzi wa Kalinda, Dowa
2 Julayi, 1978

Okondedwa achimwene Andireya,

Muli bwanji ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine kuno ndadzuka, kungoti mtima sukukhala m'malo chilandirire kalata ya Roza. Ndaiwerenga kanayi, mwina ndi sukulu yangayi yochepa, koma mawu ake sakusintha.

Akuti mwezi wamawa, pa tchuthi, iye ndi atsikana anzake atatu ayenda pansi masiku atatu kuchokera kuphiri la Ntchisi mpaka pa Boma la Dowa. Okhaokha, atabereka zikwama, ndipo kawiri konse agona kutchire m'katenti. Akatero akuti alandira mendulo ya siliva. Achimwene, mwanayu ndinakupatsani ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo ake atamwalira, kuti aphunzire asadzafanane ndi ine amene ndinalekera Sitandade 3. Tsono kugona kutchire ndi phunziro lanji? Ife timayenda pansi chifukwa chosowa basi, palibe anatipatsapo mendulo.

Mphepo ya Ogasiti m'mapiri muno mukuidziwa. Roza chifuwa chake n'chosalimba kuyambira ali khanda. Afisi nawo abwerera, sabata yatha alowa m'khola la a Samueli. Ndiye akuti aziyenda ndi mapu. Masiku ano munthu woyenda ndi mapu m'midzi ya eni, anyamata a chipani akamuona amuganizira zotani? Kuchoka pa Boma kufika kundende ya Dzaleka si patali.

Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu amamveka. Kauzeni aphunzitsi kuti Roza sapita, kapena mundiuze bwinobwino kumene azikagona. Papita zaka ziwiri ndisanamuone mwanayu, ndiye ndimve kuti wadutsa kuseri kwa phiri lathu ngati mlendo?

Muyankhe msanga. Paja makalata kuno amabwera ndi a katekisiti, Lamulungu lokha.

Ndine mlongo wanu,
Margareta


Kawale, Lilongwe
14 Julayi, 1978

Mlongo wanga Margareta,

Tonse kuno tili bwino, alamu anu akupereka moni. Ndisananene china chilichonse: mayina a malo ena musamalembe m'kalata. Envelopu imadutsa m'manja ambiri. Mwamva.

Za Roza ugwireni mtima. Imeneyi ndi mphotho ya achinyamata, si masewera. Chaka chonse atsikanawa aphunzira kukhoma tenti, kumanga bala ndi kuwerenga mapu, ndipo Loweruka lililonse amakathandiza kuchapira odwala. Ulendowu ndiwo mayeso otsiriza. Aphunzitsi awo, Sisitala Debora a ku Canada, akawatula ku Ntchisi pa galimoto, ndipo m'mawa uliwonse azikawapeza pamalo pamene agona. Kalata ya ku Boma ali nayo, makhadi a chipani ali nawo, masiketi ndi opitirira mawondo. Mukufunanso chiyani?

Lamulo lalikulu ndi ili: sathandizidwa ndi munthu. Wachibale akawalankhula panjira, kapena kuwapatsa ngakhale mbatata imodzi, onse anayi alephera. Ndanena dala chifukwa ndikukudziwani.

Inu nkhawa munabadwa nazo. Mwaiwala chaka chija munabwera kuno pa matola chifukwa pachithunzi Roza anaoneka wotupa tsaya, chonsecho anali ndi switi m'kamwa? Nanga kokazula bowa? Munthu aliyense akatsogola, potseka njira yolakwika pamphambano amangoponyapo tsamba kuti obwera m'mbuyo asalowere kumeneko. Inu nokha mumathyola nthambi yathunthu n'kuipsinja ndi miyala itatu, ngati nthambi ili ndi miyendo. Roza amatisimbira zimenezi mpaka alamu anu misozi.

Kuti mugone tulo, nayi njira yawo monga alembera. Tsiku loyamba agona pabwalo la sukulu kutsika phiri. Tsiku lachiwiri, Lachitatu pa 16 Ogasiti, agona m'mitengo ili pa mtsinje wa Kachule, kufupi ndi kwa Chikudzo. Sisitala asankhapo chifukwa mapu akuonetsa mthunzi ndi madzi. Ndikhulupirira ndi mabulugama aja tinkadutsa popita kumsika. Mwaona? Mamailosi asanu ndi limodzi okha kuchokera pakhomo panu, malo odziwika. Kulibe fisi amadya mwana wa Fomu 3.

Ndine wanu,
Andireya


Mudzi wa Kalinda
30 Julayi, 1978

Achimwene,

Moni ndipereka pomaliza. Kalata yanu yafika lero, yakhala sabata yonse m'thumba la a katekisiti. Werengani yangayi mpaka pansi, chonde.

Mwakhalitsa m'tauni. Mabulugama a pa Kachule anatha kalekale, anthu anamangira zigafa za fodya. Mitengo yatsala pamtsinje uja ndi ya pamalo amodzi basi: manda a kwa Chikudzo. Kuno kwathu mukaona mitengo ikuluikulu yaima pamodzi nkhwangwa osaikhudza, ndiye kuti pansi pake pagona anthu. Mapu a Sisitala aona masamba, sanaone zapansi.

Ndipo si manda okha. M'menemo ndi dambwe, kumene zilombo za gule zimatulukira. Mkazi sapondako, mwamuna wosalowa gule sapondako. Tsono sabata yomweyo kuli chiliza cha mfumu yawo imene inamwalira chaka chatha. Chimera anyika kale, ndaona ndi maso anga kwa a Elube amene anakwatiwa kumeneko. Gule ayamba Lachitatu lomwelo mpaka Loweruka.

Anthu a kwa Chikudzo si oipa, timakwatirana nawo, pamaliro timathandizana. Koma malo awo ndi malo awo, monga kwathu paguwa la tchalitchi sipafika aliyense. Mukumukumbukira wogula mtedza uja anadutsamo panjinga pofuna chidule? Anatuluka patapita masiku awiri, ndipo mpaka lero akafunsidwa amangoyang'ana pansi. Ameneyo anali mwamuna wandevu. Nanga atsikana anayi okhoma tenti pakati pa mitumbira?

Roza anachoka kuno ali mwana, malo ajawo sakuwadziwa. Anzakewo akuti ndi a ku Blantyre ndi ku Rumphi. Adzafika dzuwa litapendeka, atatopa, adzangolowa.

Za afisi ndi za mapu ndasiya, mwina ndinalakwa. Koma ichi si nkhawa yanga, ndi zoona. Tengani kalatayi mukaonetse Sisitala. Asunthe malo ogona basi, ulendo usaleke. Pali dibi la ng'ombe kumtunda, pali bwalo ndi chitsime, angagone pamenepo.

Moni kwa onse.
Margareta


Kawale
7 Ogasiti, 1978

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinasiya ndili Sitandade 5, ndakuuzani kangapo.

Atsibweni andiuza kuti mwalembanso. Akuti poyamba anali afisi, kenaka mapu, tsopano mwapeza manda. Amayi, ndikudziwa kuti mumandikonda, koma chonde musandichititse manyazi. Mapu amene tikugwiritsa ntchito anajambulidwa ndi ndege. Manda amaonetsedwa ndi timitanda, ndipo pa Kachule palibe kamtanda ngakhale kamodzi. Ndayang'ana ndekha. Atsibweni akuti kupita ndi nkhani imeneyi kwa Sisitala n'kuonetsa ngati banja lathu ndi lokhulupirira zamizimu.

Tili anayi: ine, Rakele, Tabita ndi Lines. Mtsogoleri ndi Lines, ndiye amagwira kampasi. Iyeyu wamaliza Fomu 4, chaka chamawa kulibe, ndipo akufuna mendulo imeneyi kuti akaonetse pofunsira maphunziro a unamwino. Takonzekera chaka chathunthu. Loweruka lapitali tayenda mamailosi khumi ndi zikwama zodzaza njerwa, phewa langa linasupuka koma sindinalire.

Tsono ndikupempheni chimodzi. Musabwere panjira. Musatume munthu. Mukangonena kuti "Roza", kapena kundipatsa kanthu, tonse anayi talephera, ndipo anzangawo sadzandikhululukira. Ndikudziwa mukulakalaka kundiona, nanenso ndi chimodzimodzi. Koma izi ndikufuna ndichite ndekha, ndi miyendo yanga, kamodzi kokha popanda wondigwira dzanja. Ndilonjezeni.

Kodi mbuzi yanga Namawanga yabereka? Mukaiona muiuze kuti mwini wake akudutsa kuseri kwa phiri.

Mwana wanu,
Roza


Mudzi wa Kalinda
20 Ogasiti, 1978

Achimwene Andireya,

Ndikhulupirira mwana wafika bwino. Ndikulemba kuti mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Kalata ya Roza inafika pa 13. Yanu sinafike. Nditaiwerenga ndinadziwa kuti kwa Sisitala simunapite. Masiku awiri ndinangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndikalankhula naye, ndapha chaka cha ana anayi. Ndikakhala chete, alowa kudambwe.

Lachitatu ndinalawira. Ndinamanga mtedza wokazinga pansalu, lamulo ndikulidziwa koma manja anangochita okha. Pa Kachule pali mphambano. Njira yakumanzere imatsikira kumitengo, yakumanja imakwera kudibi. Pachitsamba anali atamangapo kansanza kofiira kochenjeza, koma mlendo angati ndi kansanza chabe. Ndinathyola nthambi ya msuku, ndinaigoneka panjira yakumanzere, n'kuipsinja ndi miyala. Itatu, sekani ngati mukufuna. Kenaka ndinabisala kuseri kwa chulu, m'tsekera.

Ndinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Linthumbu linandipeza koma sindinasunthe. Ndiye ndinawaona akutsika chitunda, anayi, zikwama zazikulu kuposa eni ake. Achimwene, mwana watalika. Ndinamuzindikira ndi mayendedwe a bambo ake. Amatsimphina phazi lakumanzere.

Anaima pamphambano. Wamtali wogwira kampasi anati, "Kumanzere, atsikana. Mitengo yathu ndi iyo, madzi ali pompo."

Roza anati, "Dikira. Njirayi yatsekedwa."

"Watseka ndani? Nthambi yagwa ndi mphepo iyi. Iwe zakumudzi zakuyamba?"

Roza anati, "Mphepo sisanja miyala, Lines."

Atatero anatembenuka n'kuyang'ana uku ndi uku. Maso ake anadutsa pachulu panga kawiri. Ndinaluma nsalu. Wamtali uja anali atadumpha kale nthambi, akuti mapu sanama ndipo Sisitala akawapeza pena alephera. Roza anakhala pansi pakati panjira, chikwama chili kumsana, nati, "Pitani nokha. Paja lamulo likuti tifike anayi." Anakangana nthawi ndithu. Kenaka kumitengo kuja kunamveka kukuwa kwa chilombo, ng'oma n'kuyankha. Wamfupi wa ku Rumphi anagwira mnzake mkono. Onse anakwera kumanja.

Ndinawatsatira chapatali mpaka ndinaona akukhoma tenti padibi, amayi otunga madzi ali pafupi. Mtedza ndinabwerera nawo.

Cholakwa changa chinali ichi. Ndinabwerera kukachotsa nthambi, poti si bwino kutsekera anthu njira ya kwa akufa awo sabata ya chiliza. Amuna awiri a kwa Chikudzo anandipeza nditawerama pamenepo. Akuti mkazi wa mpingo akufuna chiyani panjira ya dambwe, akutchera mankhwala kuti gule alephereke? Ndinafotokoza zonse, ena anamva, ena ayi. Mlandu unakambidwa Lachisanu. Namawanga yapita ngati chindapusa, ndi bere lake lomwe. Lero kutchalitchi akuluampingo andiitanira kuseri. Amva kuti ndinaoneka kudambwe tsiku la gule, ndiye andiimitsa kulandira Ukalisitiya miyezi itatu. Ndakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Uku akuti ndine kazitape wa mpingo, uku akuti ndine wa gule.

Zimenezi Roza musamuuze.

Koma chikundisowetsa mtendere ndi china. Pochotsa nthambi ndinapeza miyala iwiri yokha. Ndinaika itatu, sindingalakwitse. Watenga wachitatu ndani, mwala umene ndinaugwira ndi manja anga, ndipo akufuna akachite nawo chiyani?

Phazi lija mulione.

Margareta


Kawale
29 Ogasiti, 1978

Mlongo wanga,

Ndilibe pogwira. Kalata yanu ya pa 30 Julayi ndinailandira nthawi yabwino. Ndinawerenga, ndinaseka, ndinaiika pansi pa wailesi. Ndinaganiza kuti mwapeka manda pofuna kuletsa ulendo.

Dzulo ndinapita nayo kwa Sisitala, mochedwa choncho. Anaiwerenga kawiri. Akuti Lachinayi m'mawa, popita kukawapeza ana kumitengo kuja, amuna a kumeneko anaimitsa galimoto yawo patali n'kuwabweza mwaulemu, ndipo m'pamene anadziwa chimene anasankha pamapu.

Ndinawapempha kuti ana asalangidwe. Akuti nkhani inapita kale kwa oyang'anira mphothoyo, ndipo Roza akulemberani yekha. Za mbuzi ndi za kutchalitchi sindinamuuze. Kumapeto a Seputembala ndibwera, ndikaonane ndi akuluampingo ndi a kwa Chikudzo. Ntchito imeneyi inali yanga, munaigwira ndinu kuseri kwa chulu.

Phazi ndi thuza chabe, nsapato inamuthina. Lapola.

Andireya


Kawale
3 Seputembala, 1978

Amayi,

Kalatayi ndayamba katatu n'kung'amba.

Mendulo sitilandira. Sisitala atatipeza padibi anafunsa chifukwa chimene tinasiyira njira yolembedwa. Ndinati tinapeza njira yotsekedwa. Anati zimenezo n'zanzeru, woyenda ayenera kuwerenga nthaka osati pepala lokha. Zikanathera pomwepo. Koma pafomu yomaliza pali funso lakuti, kodi alipo wachibale kapena mnzanu amene anakuthandizani panjira? Aliyense amasaina yekha. Anzanga analemba kuti ayi, ndipo sananame, sankadziwa. Ine ndinakhala ndi cholembera m'manja mpaka Lines anandigunyuza. Ndinalemba kuti inde, mayi anga.

Amayi, m'dziko lonse la Malawi ndani wina angapsinje nthambi ndi miyala itatu?

Sisitala anatilembera kalata yotiikira kumbuyo, anavomera kuti cholakwa chinali chawo. Koma oyang'anira ayankha kuti lamulo ndi lamulo, tidzabwereze chaka chamawa. Ine, Rakele ndi Tabita tingathe. Lines sangathe. Anandifunsa pamaso pa anzathu kuti, "Unalephera kulemba zilembo zitatu zokha?" Wabwerera ku Blantyre osanditsanzika. Ndamulembera, sanayankhe.

Ndinakupemphani kuti musabwere. Ndikaganiza za Lines ndimakwiya nanu koopsa. Ndikakumbukira kukuwa kuja kumitengo, ndi kuti phazi la Lines linali litadumpha kale nthambi, mkwiyo umasowa pokhala. Sindikudziwa kuti ndikuuzeni chiyani. Atsibweni andionetsa kalata yanu ya manda ija, yonse. Munanena zoona ndipo ife tinakusekani.

Munali kuti? Ndinayang'ana paliponse. Ndikuganiza kuti munali pachulu paja, chifukwa tsekera amagwedezeka pamene kunalibe mphepo. Ndinafuna kuitana. Mukanayankha?

Anzanga atatsogola ndinatola mwala umodzi n'kuuponya m'chikwama. Chikwama chinali cholemera kale, sindikudziwa chimene ndinatengera. Ndayenda nawo mpaka pa Boma. Uli pawindo pano.

Simunandiyankhe za Namawanga.

Roza


Mudzi wa Kalinda
17 Seputembala, 1978

Mwana wanga Roza,

Uli bwanji? Ine ndili bwino, tayamba kusosa.

Kalata yako ndawerenga kamodzi kokha, yamveka. Pafomu paja unalemba bwino. Ukanalemba kuti ayi, mendulo ikanakulemera pachifuwa kuposa chikwama chija. Koma za mnzako Lines zikundiwawa. Mwana wa eni wataya chaka chifukwa cha nthambi yanga. Unditumizire keyala yake ndimulembere ndekha, andikwiyire ine, asakwiyire iwe. Sindidzamuuza kuti ndikanatha kuchita mwina, chifukwa ndaganiza masiku onsewa ndipo njira ina sindikuiona.

Wafunsa ngati ndikanayankha. Sindikudziwa, mwanawe. Nsalu imene ndinaluma ija inabooka.

Chaka chamawa upite. Sindiletsa, sindibweranso pachulu. Koma Sisitala asanasankhe pogona, andilembere mayina a mitsinje ndi midzi. Mapu sindidziwa kuwerenga, koma ndikudziwa kumene kwagona anthu kuyambira kuno mpaka ku Ntchisi. Ndipo nsapato zikhale zokulirapo, uzivala masokosi awiri.

Za Namawanga tidzakamba ukabwera.

Tsono zamwalazo. Mwezi wathunthu sindinaone tulo tabwino, kuganiza kuti wina anautenga kuti akandichitire zoipa. Ndinafika pokawaza madzi odalitsa pakhomo. Chonsecho uli pawindo ku Kawale! Iwiri inayo ndinabwera nayo, ili pakhonde, pafupi ndi mtedza wako umene ndauika m'chitini kuti usafumbwe.

Pa Khirisimasi ubwere nawo wekha mwalawo, usatumize ndi atsibweni ako. Iwiri sikwana.

Ndine mayi ako,
Margareta